Ku akasupe a ku Japan, pewani nyumba yomeza mlendo

Sabata zitatu zapitazo lamya yanga idalira tambala asadatsike mumtengo. Adali mwana wa mchemwali wanga yemwe akuchita maphunziro a zaulimi pasukulu ina yaukachenjede m'dziko la Japan. Kumeneko nthawi ili patsogolo ndi maola 7, choncho iye akamatsuka mbale za nkhomaliro, kuno timakhala tikadafunda.

"Amalume, ndithandizeni nzeru," adatero mtsikanayo. "Amayi akubwera kudzaonerera mwambo wolandira digiri yanga. Ndasunga kangachepe koti ndikawagoneke usiku umodzi kutauni ya akasupe a madzi otentha. Ndakutumizirani zithunzi ziwiri pa WhatsApp, mundiuze koyenera."

Adafunsa ine kaamba koti zaka zapitazo ndidakhalako m'dzikolo miyezi ingapo pamaphunziro a kuntchito.

Chithunzi choyamba chidali cha chinyumba chansanjika 12, cha zipinda mazanamazana. M'kati mwake muli sitolo, bala, holo ya zisudzo, malo oimbirako nyimbo komanso chipinda chodyera momwe munthu amadzipakulira yekha mpaka mimba kuti ndii. Chachiwiri chidali cha kanyumba kamatabwa ka zipinda 10 m'tauni ya Kinosaki, ulendo wa maola awiri ndi theka pasitima kuchokera mumzinda wa Kyoto. Chodabwitsa n'choti kanyumbako ndiko kadali kokwererapo mtengo.

Nkhaniyi itafika pakhomo, banja lonse lidaloza chinyumba chija. Mlamu wanga adachita kuseka chikhakhali. "Alamu, ndalama zonsezi n'kukagoneka mkazi wanga pansi? Kodi mphasa yasowa kunoko?"

Ine ndidasankha kanyumbako, ndipo sindidasinthe maganizo. Mfundo yanga ndi iyi: m'tauni ya akasupe, nyumba yabwino yogona ndi yomwe imakutulutsa kunja kuti ukaione tauniyo, osati yomwe imakumeza pachipata n'kudzakulavula mawa lake m'thumba muli mbee, osadziwa ngakhale dzina la msewu womwe wagonamo.

Poyamba tidziwe chomwe tikukamba. Nyumba za alendo zachikale za ku Japan amazitcha ryokan. Ukafika umavula nsapato pakhomo. Pansi pa chipinda pamakhala mikeka yochindikala yotchedwa tatami. Bedi mulibe. Madzulo wantchito amadzayala matiresi opyapyala otchedwa futon. Amakubwereka mkanjo wa thonje, dzina lake yukata, womwe umavala popita kosamba ndi podya. Woyang'anira alendo kawirikawiri amakhala mayi wapakhomopo, yemwe amamutcha okami.

Bizinesi imeneyi ndi yamakedzana. Nyumba ya Keiunkan m'chigawo cha Yamanashi akuti idatsegulidwa m'chaka cha 705, ndipo mu 2011 a Guinness adailemba m'buku lawo ngati hotela yakale kwambiri padziko lapansi. Koma nyumba zoterezi zikutha. Mu 1980 zidalipo pafupifupi 83 000. Pofika 2017 zidali zitatsala cha m'ma 38 000. Tsono komwe mlendo wakasiya ndalama yake si nkhani yamasewera.

Tiyeni tiyambire ku Kinosaki komweko. Pa 23 May 1925, chakumasana amayi ali pamoto kukonza nkhomaliro, chivomerezi chidagwedeza derali. Nyumba zidagwa, moto udabuka ndipo pafupifupi tauni yonse idasanduka phulusa. Anthu oposa 250 adafera m'tauni yokhayi.

Opulumuka atakhala pansi, adagwirizana zomwe ambiri a ife sitikadaganiza. Adati choyambirira kumanga chikhale mabafa a anthu onse, poti ndiwo amakoka alendo. Eni malo adapereka mbali ya mapoloti awo kuti misewu ndi mtsinje wa Otani zikuzidwe.

Posakhalitsa, mu 1927, mwini nyumba ina ya alendo adafuna kukokera madzi otentha m'nyumba mwake kuti alendo ake azisamba momwemo. Anzake adakana kwamtuwagalu. Ati mlendo akasambira m'nyumba sapondanso mumsewu, ndiye eni masitolo adya chiyani? Mlandu udakhala m'makhoti zaka zoposa 20 mpaka adamvana mu 1950. Chigwirizano chidali choti madzi otentha ndi a tauni yonse, nyumba iliyonse ikhoza kukhala ndi bafa lake koma lopimidwa kukula kwake, ndipo wofuna dziwe lalikulu atuluke akasambe ndi anzake.

Mpaka lero anthu a ku Kinosaki amati tauni yawo yonse ndi nyumba imodzi ya alendo. Siteshoni ya sitima ndiye khomo, misewu ndiye makonde, ma ryokan ndiwo zipinda, ndipo mabafa a anthu onse aja, omwe tauniyi idatchuka nawo kuti ndi 7, ndiwo kosambira. Ukagona mu ryokan ya kumeneko amakupatsa tikiti yolowera m'mabafawo ulere mpaka utanyamuka.

Dzuwa likalowa umaona mabanja athunthu, agogo ndi adzukulu omwe, atavala mikanjo ija ndi nsapato zamatabwa zolira gogogo, akuyenda m'mbali mwa mtsinje pansi pa misondodzi, kuchoka bafa ili kupita linalo. Panjira agula aisikirimu, apo alawa nkhanu, uko agula kabokosi kokongoletsedwa ndi mapesi a barele, luso lomwe tauniyi imadziwika nalo. Mlendo mmodzi wadyetsa makomo asanu, ndipo iye mwini wabwerera kuchipinda atakhuta zoona.

Tsopano taonani mbali inayo. Atami ndi tauni ya akasupe ya m'mbali mwa nyanja, ulendo wosakwana ola limodzi pasitima yothamanga kuchokera ku Tokyo. M'zaka za m'ma 1960 kumeneko ndiko kudali kothamangira maanja ongokwatirana kumene komanso makampani obweretsa antchito awo pamabasi. Alendo ogona ankaposa 5 miliyoni pachaka. Eni ndalama adamanga zinyumba zikuluzikulu n'kuikamo zonse: chakudya, mowa, magule, sitolo za mphatso. Mlendo adalibenso chotulukira.

Chuma cha Japan chitagwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, makampani adasiya maulendo aja. Mabanja ndi achinyamata omwe ankabwera awiriawiri adapeza misewu ili zii, masitolo atatsekedwa, poti zinyumba zija zidali zitawalanda kale makasitomala. Pofika 2011 chiwerengero cha alendo ogona chidali chosakwana theka la chija. Ku Kinugawa m'chigawo cha Tochigi, mabwinja a mahotela oterewa adatsala ali chiriri m'mphepete mwa mtsinje, mazenera ali pululu.

Atami idayambanso kudzuka cha m'ma 2015, ndipo china chomwe chidathandiza ndi achinyamata a m'tauniyo omwe adatsegulanso timasitolo ndi timalo todyera mumsewu wa malonda womwe udali utafa. Adabwerera ku nzeru yomwe a ku Kinosaki adaimenyera nkhondo kalekale.

Chitsanzo china chili kummwera, ku Kurokawa m'chigawo cha Kumamoto, kamudzi ka m'mapiri ka ma ryokan pafupifupi 30. Kumeneko chokoka alendo ndi maiwe osambira a panja. Koma nyumba ziwiri zidalibe malo omangapo dziwe lotere. M'malo mozisiya kuti zife, mu 1986 eni nyumba onse adayambitsa tikiti ya kathabwa yomwe imalola munthu kusamba m'maiwe atatu a nyumba zilizonse zomwe wakonda. Adazula zikwangwani zopikisana n'kubzala mitengo. Kamudzi komwe kadalibe dzina kadatchuka dziko lonse. Paja mutu umodzi susenza denga.

Wina anena kuti zonsezi ndi za eni tauni, ine mlendo zikundikhudza pati? Zikukukhudzani pa zomwe mwalipirira. Mwawoloka nyanja kuti mukaone Japan. Chipinda cha bedi ndi wailesi ya kanema chili paliponse, ku Johannesburg chiliko, ku Nairobi chiliko. Chomwe simungachipeze kwina ndi msewu uja wa usiku. Nyumba yomwe yakubisirani msewuwo yakuberani ulendo.

Komatu kuchepa kwa nyumba pakokha si umboni. Muyenera kufunsa za madzi, poti ndiwo mwatsata.

Lamulo la akasupe la dzikolo la 1948 limati madzi atchedwe onsen, kutanthauza kasupe wovomerezeka, ngati pomwe akutumphuka ali otentha madigiri 25 kapena kuposera apo, kapena ngati ali ndi mlingo wokwanira wa chimodzi mwa zinthu 19 za m'nthaka zomwe zidalembedwa m'lamulomo. Apa mukuona kuti madzi ofunda chabe, otenthetsedwa ndi makina, akhoza kutchedwa kasupe popanda kuphwanya lamulo.

Mu 2004 kudabuka mkokomo zitadziwika kuti ku Shirahone m'chigawo cha Nagano, komwe kudatchuka ndi madzi oyera ngati mkaka, ena ankathira mankhwala kuti mtunduwo uoneke. Kafukufuku atafalikira, zidapezeka kuti m'matauni ena nyumba zina zinkangowiritsa madzi a pampope. Kuyambira 2005 boma lidalamula kuti malo alionse osambira azipachika poyera zinthu zinayi: ngati amawonjezera madzi ena, ngati amatenthetsa, ngati amasefa madzi n'kuwabwezeranso m'dziwe, ndiponso ngati amathiramo mankhwala. Mafunso anayiwa muli ndi ufulu wowafunsa musadalipire.

Mawu ofunika kuwaloweza ndi akuti gensen kakenagashi. Amatanthauza madzi ochokera pakasupe, olowa m'dziwe n'kusefukira kunja osabwereranso. Apa masamu ake ndi apafupi. Kasupe ali ndi malire a madzi omwe amatulutsa pamphindi. Dziwe lalikulu ngati bwalo la mpira wamanja, losambamo anthu mazana, n'kovuta kulidzaza ndi madzi atsopano nthawi zonse. Kadziwe ka anthu anayi kamasinthika madzi msanga. Pachithunzi chokopa ndi dziwe lalikulu, koma pakhungu wopambana amakhala kadziwe.

Kusefa madzi si tchimo ayi. Ku Kinosaki komwe ndikukuyamikirako, kuyambira 1972 madzi a akasupe angapo amawasonkhanitsa pamodzi n'kuwagawa m'mapaipi, ndipo mabafa ambiri amasefa. Ngati cholinga chanu chachikulu ndi madzi ochuluka osefukira, pitani ku Kusatsu m'chigawo cha Gunma komwe akasupe amatulutsa okha malita oposa 32 000 pamphindi. Tchimo ndi kubisa ndi kusasamala. Mu 2002 mumzinda wa Hyuga anthu 7 adamwalira ndipo ena pafupifupi 300 adadwala kaamba ka tizilombo toyambitsa chibayo totchedwa legionella tomwe tidaswana m'makina osefera madzi. Mu 2023 ryokan ina yakale ndi yolemekezeka m'chigawo cha Fukuoka idavomera kuti inkasintha madzi a m'dziwe kawiri kokha pachaka, chonsecho lamulo la m'chigawocho limati kamodzi pasabata. Dzina ndi ukalamba wa nyumba sizitsuka dziwe. Funsani, ndipo nyumba yoyankha mozemba muilambalale.

Funso lina ndi la mtengo, ndipo apa ndi pomwe alendo ambiri amapsa. Mtengo wa ryokan ndi wa munthu mmodzi, osati wa chipinda. Kawirikawiri umakhala pakati pa 15 000 ndi 30 000 yen pausiku, ndipo m'menemo muli mgonero ndi kadzutsa. Mukakhala awiri, chulukitsani kawiri. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa akasupe, womwe m'matauni ambiri ndi 150 yen pamunthu, komanso zakumwa zomwe mwaitanitsa. Ya fanta kwa wantchito safuna. Ku Japan kulibe chizolowezi chimenecho.

Usiku wa Loweruka mitengo imakwera. Imakweranso pa Chaka Chatsopano, patchuthi cha kumapeto kwa April ndi kumayambiriro a May, komanso pakati pa August pomwe anthu amapita kwawo kukakumbukira makolo awo omwe adamwalira. Wogona pakati pa sabata amapeza chipinda chomwecho ndi chakudya chomwecho pamtengo wotsikirapo. Thumba likakhala loperewera, pali nyumba za mabanja zotchedwa minshuku zomwe n'zotchipa, ndipo ma ryokan ambiri amalola kugona kokha kapena kugona ndi kadzutsa, mgonero n'kukadya m'tauni.

Koma mukatha, lipirani mgonero, poti theka la ulemerero wa ryokan lili m'mbale. Chakudya chake, chotchedwa kaiseki, chimabwera pang'onopang'ono m'timbale tambirimbiri motsata nyengo ndi zomwe dera limatulutsa. Ku Kinosaki ndi nkhanu za m'nyanja, zomwe amaloledwa kugwira kuyambira November mpaka March, komanso nyama ya ng'ombe za mtundu wa Tajima. Uku ndiye kusiyana kwina ndi kodzipakulira kuja, komwe chakudya chimakhala chambiri koma chosanena komwe uli.

Kanyumba kotere kamagula ndiwo powerengera alendo a tsikulo. N'chifukwa chake muyenera kunena masiku akadalipo ngati simudya nkhumba, nsomba yaiwisi kapena chophikidwa ndi mowa. Kunena mbale ili patebulo n'kuchititsa manyazi wophika. Mgonero umayamba cha m'ma 6 kapena 7 koloko madzulo, ndipo wochedwa amagona ndi njala ndalama atalipira. Fikani cha m'ma 3 koloko masana pomwe amayamba kulandira alendo, poti mawa lake 10 koloko m'mawa chipinda amachifuna.

Pali nkhani ina yomwe mchemwali wanga adaimva ndi mantha: m'madzimo munthu amalowa chibadwire. Amuna ndi akazi amasamba kosiyana, ndipo pakhomo pamakhala nsalu, kawirikawiri yabuluu kwa amuna ndi yofiira kwa akazi. Usadalowe m'dziwe umakhala pakampando n'kudzisambitsa ndi sopo bwinobwino, poti dziwelo n'loviikamo thupi loyera kale. Thaulo silikhudza madzi. Kwa amanyazi, nyumba zambiri zili ndi bafa lokhoma lotchedwa kashikiri, lomwe banja limabwereka kwa mphindi 45 kapena ola. Funsani ngati lilipo komanso ngati n'lolipira padera.

Achinyamata okonda zojambula zapakhungu zija amati tattoo nawonso afunse msanga. Kafukufuku wa nthambi ya boma yoona za alendo mu 2015 adapeza kuti mwa malo ogona omwe adayankha, 56 pa 100 alionse ankabweza anthu otere, poti kumeneko zojambulazi amazigwirizanitsa ndi magulu a zigawenga. Mabafa a anthu onse a ku Kinosaki samabweza munthu pachifukwa chimenechi.

Ndisanamize anthu, mlamu wanga sadalakwe zonse. Zinyumba zikuluzikulu zili ndi ubwino wake. Zili ndi zikepe, mabedi ndi njira za njinga za olumala. Nthawi zambiri n'zotsika mtengo, ana amapezamo chakudya chomwe adazolowera, ndipo wolankhula Chingerezi sasowa. Zimalembanso anthu ambiri ntchito. Kanyumba kamatabwa kali ndi masitepe otsetsereka, zipupa zake n'zopyapyala moti woliza mkonono amamveka kwa aneba, ndipo kudzuka pansi ndi mawondo a zaka 70 si masanje.

Ngati mukuyenda ndi agogo ovutika miyendo, funsani chipinda cha pansi chokhala ndi bedi ndi mipando, poti ma ryokan ambiri tsopano ali nazo. Chikasowa, pitani kuhotela yaikulu popanda manyazi. Koma sankhani yomwe ili m'kati mwa tauni, yoti mukatuluka pakhomo mwaponda msewu wa masitolo, osati ya pamwamba pa phiri yoti potuluka mpaka basi ya hotela yomweyo. Nkhondo yanga si ya kukula kwa nyumba chabe. Ndikudana ndi mtima wofuna kudya mlendo wekha.

Nkhaniyi si yachilendo kwenikweni kwa ife. Ndondomeko ya One Village One Product, yomwe boma lathu lidayamba mu 2003, idachokera m'chigawo cha Oita komwe bwanamkubwa Morihiko Hiramatsu adaiyambitsa mu 1979. Oita yemweyo ndiye kuchimake kwa akasupe ku Japan, kwawo kwa matauni a Beppu ndi Yufuin. Nafenso tili ndi madzi otentha ku Chiweta m'boma la Rumphi, ku Mawira m'boma la Nkhotakota ndi ku Liwonde. Tsiku lomwe wina adzabwere ndi pulani yomanga mpanda kuzungulira kasupe, a m'deralo adzakumbukire funso la anthu a ku Kinosaki: mlendo akasambira m'kati, ife a mumsewu tidya chiyani?

Mtsikana uja adatsata malangizo. Adalembera kanyumbako kufunsa za madzi, za bafa lokhoma ndi za nsomba yaiwisi. Yankho lidabwera tsiku lomwelo kuchokera kwa mayi mwini nyumba. Sadabise kuti madzi awo amasefa. Adati nsomba ya amayi adzaiwotcha, bafa lokhoma lilipo, ndipo adafunsa msinkhu wawo kuti awakonzere mkanjo wowakwana. Adafunsanso ngati mawondo awo ali bwino. Chinyumba chija, chomwe adachilemberanso mafunso omwewo, chidatumiza kalata yolembedwa kale yomuthokoza chifukwa cha chidwi chake.

Adasungitsa malo a Lachiwiri usiku. Mlamu wanga akadang'ung'udzabe za mphasa, koma dzana ndidamupeza akufunsa mkazi wake ngati m'chikwama mudzatsale malo a nsapato zamatabwa zija.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Poti usikuwo ndi umodzi wokha, mchemwali wanga akaugone komwe akamudziwe dzina.